Mwaiyesa Thirakitala Ndipo Yakukomerani: Musanalipire, Yerekezani Izi

Ngati mumalima fodya, chimanga, soya kapena mtedza m'chidikha cha Kasungu, mwina mwakwerapo kale thirakitala yatsopano pa chionetsero cha zaulimi, kapena pabwalo la ogulitsa ku Lilongwe. Amakupatsani kiyi, mumazungulira bwalo kawiri katatu. Mpando ndi wofewa, chiwongolero n'chopepuka, utoto ukuwala. Potsika mtima wagwa kale, ndipo funso lomwe latsala ndi loti mulipira bwanji.

Dekhani kaye. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuzungulira pabwalo losalala kumakuuzani za mpando ndi chiwongolero basi. Sikukuuzani kuti hekitala imodzi idya malita angati a dizilo, kapena kuti makinawo adzaima masiku angati mu Novembala podikira kachitsulo kakang'ono kochokera kunja. Mathirakitala amayerekezedwa ndi zinthu ziwiri: ndalama zomwe mumaononga pa hekitala iliyonse, ndi masiku omwe thirakitalayo imakhala ikugwira ntchito pa nthawi yomwe mukuifuna. Tsamba lino likuthandizani kupeza mayankho awiriwa musanasaine pepala lililonse.

Chifukwa chiyani nkhani ya mathirakitala yakula chonchi?

Choyamba ndi antchito. Kwa zaka zambiri maesiteti a ku Kasungu ankadalira matenanti. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zolemba anthu ntchito ndipo inathetsa ulimi wa utenanti. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa omwe boma limalamula anakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Ogula fodya nawonso akhwimitsa malamulo oletsa kugwiritsa ntchito ana, makamaka kuyambira mu Novembala 2019 pamene dziko la America linaika chiletso pa fodya wa ku Malawi pa nkhani yomweyi. Mlimi wa mahekitala khumi amene kale ankaunga mizere yonse ndi makasu, lero akuwerenga mtengo wa ganyu ndipo mutu ukumupweteka.

Chachiwiri ndi ndalama za fodya. Mu 2023 fodya anabweretsa madola a ku America oposa 280 miliyoni, ndipo mu 2024 anabweretsa oposa 390 miliyoni. Alimi ena omwe anagulitsa bwino ku Chinkhoma ndi ku Kanengo anayamba kuganiza zogula makina m'malo mwa galimoto.

Chachitatu ndi ndondomeko za boma. Masomphenya a Malawi 2063 amatsindika ulimi wa makina, ndondomeko ya minda ikuluikulu inalimbikitsanso zomwezo, ndipo pulojekiti ya AGCOM, yomwe imathandizidwa ndi World Bank, yakhala ikupereka thandizo ku makopaletivi, pomwe gulu limasonkha gawo lake la 30 peresenti ndipo pulojekiti imaonjezera 70 peresenti. Magulu angapo agulira mathirakitala njira imeneyi.

Chachinayi ndi mvula. Chilala cha mu nyengo ya 2023/24 chinachititsa boma kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mvula ikamabwera mosadalirika, amene wakonza munda msanga ndi kubzala ndi mvula yoyamba ndiye amakolola.

Koma pali mbali inanso. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thirakitala, matayala ake, masipeya ake ndi dizilo wake zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwe zakhala zikusowa. Mu Okutobala ndi Novembala 2024, nthawi yeniyeni yokonza minda, mizere ya magalimoto ndi zigubu pamalo omwetsera mafuta inali yaitali m'dziko lonse. Chiwongoladzanja cha Banki Yaikulu chinafika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo ngongole za m'mabanki wamba zimakwera kuposa pamenepo. Choncho kulakwitsa posankha thirakitala lero n'kowawa kuposa kale.

Dziko lino linaphunzirapo kale za nkhaniyi. Boma linakongola madola 50 miliyoni ku banki ya Exim ya ku India, ndipo mwa zina linagula mathirakitala 177 ndi makina otongolera chimanga 144 oti athandize alimi ang'onoang'ono. Lipoti la Ombudsman, mayi Martha Chizuma, la mu Okutobala 2016 linapeza kuti ambiri mwa makinawa anagulitsidwa motchipa kwa anthu ena, kuphatikizapo andale ndi akuluakulu a boma, pomwe ngongole inatsalira Amalawi onse. Phunziro lake likukhudza ngakhale kopaletivi ya m'mudzi mwanu: kugula thirakitala n'kosavuta, chovuta n'kugwirizana za yemwe aziyendetsa, yemwe azisunga ndalama, ndi munda womwe uziyamba kulimidwa.

Magulu anayi omwe mukumane nawo pamsika

Gulu loyamba ndi thirakitala ya matayala awiri, yomwe woyendetsa amaitsatira pambuyo. Zambiri zimachokera ku China ndi ku India ndipo zimakhala ndi hosipawa 12 mpaka 18. Ndi yotchipa, imadya dizilo pang'ono, ndipo injini yake ya silinda imodzi makaniko wa chigayo amaidziwa. Imathandiza kudimba, popopa madzi, potongola chimanga ndi pokoka kangolo. Koma pa nthaka youma gwa imangodumphadumpha, ndipo kugalauza hekitala imodzi kumatha masiku awiri kapena atatu.

Gulu lachiwiri ndi thirakitala yaing'ono ya hosipawa 20 mpaka 35, yomwe kawirikawiri imakoka ndi matayala onse anayi. Iyi ndiyo imakopa kwambiri pabwalo chifukwa imakhota mosavuta ngati galimoto yaing'ono. Zina ndi zatsopano, zina ndi zakale zochokera ku Japan. Dziwani kuti zambiri za ku Japan zinapangidwira minda ya mpunga yamadzi: n'zopepuka, n'zopapatiza, matayala ake ali ndi mano aatali oyenera matope, ndipo zinakonzedwa kuti zizizunguza chipangizo chotakasira nthaka osati kukoka pulawo yolemera. Zina sizinagulitsidwepo kunja kwa Japan zili zatsopano, motero buku lake ndi masipeya ake n'zovuta kupeza.

Gulu lachitatu ndi thirakitala yapakati ya hosipawa 45 mpaka 60 yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Makampani monga Massey Ferguson, Mahindra, Sonalika, TAFE, John Deere ndi New Holland onse ali ndi mathirakitala a msinkhu umenewu, ndipo ambiri amapangidwira ku India. Mpando wake si wofewa kwenikweni, giya imafuna dzanja lamphamvu, koma imakoka pulawo ya madisiki atatu ndi ngolo ya matani atatu mpaka asanu.

Gulu lachinayi ndi thirakitala ya msinkhu womwewo koma yokoka ndi matayala onse anayi. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo ekiselo yakutsogolo imaonjezera zinthu zoti n'kuonongeka. Phindu lake limaoneka pa mchenga wofewa, m'madambo ndi m'misewu yoterera ya mu Januwale.

Zimene bwalo losalala silingakuuzeni

Nambala ya hosipawa yolembedwa pa boneti si imene imafika pa pulawo. Chidikha cha Kasungu chili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumtunda mpweya umapepuka, ndipo injini ya dizilo yopanda tabo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 100 aliwonse. Ndiye kuti thirakitala ya hosipawa 50 ikafika ku Chamama kapena ku Santhe imagwira ntchito ngati ya 45, ndipo ya 25 imatsala ndi 22 kapena 23. Kuonjezera apo, mphamvu yotuluka pa PTO, kashafiti kakumbuyo kozunguza makina otongolera ndi ena otere, imachepa ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi ya injini. Funsani wogulitsa manambala onse awiri, ndipo poyerekeza mathirakitala awiri yerekezani nambala zofanana.

Kulemera kwa thirakitala n'kofunika ngati mphamvu yake. Nthaka yambiri ya ku Kasungu ndi yamchengamchenga pamwamba, koma pansi pake, pa masentimita 15 mpaka 20 pomwe khasu lakhala likulekezera zaka zonsezi, pali nthaka yogogomezeka yolimba. Mu Seputembala ndi Okutobala, nthaka ikauma, thirakitala yopepuka imangopalasa matayala pamalo amodzi ngakhale injini ikulira bwino. Onjezerani zitsa zobisika, zulu, katondo wa m'malo ena ndi makande a m'madambo. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chimapezeka pabwalo la ogulitsa.

Kenako pali nkhani ya mizere. Fodya amaokeredwa pa mizere yotalikirana masentimita 120, pomwe chimanga, soya ndi mtedza zimabzalidwa pa mizere ya masentimita 75. Kuti matayala aziyenda m'makwawa osaswa mizere, mpata wa pakati pa tayala lakumanzere ndi lakumanja uyenera kugwirizana ndi mizereyo: masentimita 150 pa chimanga, 120 pa fodya. Tengani tepi muyeze nokha kuchokera pakati pa tayala limodzi kufika pakati pa linzake, ndipo funsani ngati mpatawo umasinthika potembenuza marimu. Yezaninso kutalika kwa mimba ya thirakitala kuchokera pansi. Mizere ya fodya ndi yaitali, ndipo thirakitala yaing'ono yotsika imaikwapula ndi mimba, motero singakuthandizeni kupalira kapena kubandira.

Pomaliza yang'anani mikono itatu yakumbuyo yomangirira zipangizo. Pali misinkhu yake: msinkhu woyamba uli ndi mapini akumunsi a mamilimita 22, wachiwiri a mamilimita 28. Ngati muli kale ndi pulawo, halo kapena chipangizo choungira mizere, kapena mukuyembekeza kubwereka kwa mnansi wanu, onetsetsani kuti zikwanirana. Funsaninso kulemera komwe mikonoyo inganyamule, ndiponso ngati PTO imazungulira ka 540 pa mphindi, womwe ndi muyezo wa zipangizo zambiri zogulitsidwa kuno.

Momwe mungayesere m'munda

Uzani wogulitsa kuti mukufuna kuyesa thirakitala m'munda, ili ndi pulawo kumbuyo. Ngati muli gulu, mawu anu amamveka msanga, ndipo mlangizi wa dera lanu kapena wa ARET angakuthandizeni kukonza tsikulo ndi kukhala mboni. Mathirakitala onse omwe mukuyerekeza ayesedwe tsiku limodzi, pa munda umodzi, ndi woyendetsa mmodzi, ndipo alime mozama mofanana. Mufunika tepi, wotchi ya pafoni, choko, botolo loyezera malita ndi kope.

Yambani m'mawa injini isanalizidwe. Gwirani injini ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, makamaka ngati thirakitalayo ndi yakale. Injini yotopa imavuta kulira m'mawa wa mu Juni kapena Julaye. Utsi wobiriwira motuwa ukusonyeza kuti ikuwotcha oyilo. Utsi wakuda wosalekeza ukusonyeza kuti yalemedwa, kapena kuti sefa ya mpweya ndi zopopera dizilo zili ndi vuto.

Yezani ndime ya mamita 100 m'litali ndi 25 m'lifupi pa thirakitala iliyonse. Imeneyi ndi kota ya hekitala. Dzazani thanki mpaka pakamwa, limani ndime yonse, lembani mphindi zomwe zatha, kenako dzazaninso thanki ndi botolo loyezera. Malita omwe mwathira muchulukitse kanayi, mphindinso kanayi. Mwapeza dizilo ndi nthawi ya pa hekitala imodzi. Apa ndi pomwe ambiri amadabwa. Thirakitala yaing'ono imadya dizilo wochepa pa ola, koma imakoka madisiki awiri okha, omwe amalima masentimita pafupifupi 50 m'lifupi. Pa liwiro la makilomita asanu pa ola, kuphatikiza nthawi yokhota, hekitala imatha maola oposa asanu. Yapakati ya madisiki atatu imalima masentimita pafupifupi 75 ndipo imatha hekitala pa maola atatu ndi theka. Mukawerengera pa hekitala osati pa ola, kusiyana kwa dizilo kumachepa kwambiri, koma kusiyana kwa masiku kumakhalabe.

Yezani kuzama kwa polimapo pa malo osachepera khumi. Si zachilendo kuti woyendetsa wofuna kukusangalatsani akweze pulawo pang'ono kuti thirakitala ithamange.

Yezani kuterereka kwa matayala. Lembani chizindikiro ndi choko pa tayala lakumbuyo. Thirakitala iyende pulawo ili m'mwamba, muwerenge kuzungulira kwa tayala kakhumi, muyeze mtunda. Bwerezani pulawo ili m'nthaka. Ngati poyamba munapeza mamita 40 ndipo kachiwiri 34, ndiye kuti matayala akuterereka ndi 15 peresenti. Pakati pa 10 ndi 15 peresenti m'pabwino. Kupitirira 20 peresenti ndiye kuti mukuwotcha dizilo ndi kudya matayala pachabe. Yesani kuonjezera zitsulo zolemetsa kapena kuthira madzi m'matayala akumbuyo. Zikapanda kusintha, thirakitalayo yachepera munda wanu.

Kwezani pulawo m'mwamba, zimitsani injini, dikirani mphindi khumi. Pulawo ikamatsika yokha, hayidiroliki ikudontha m'kati. Mangani ngolo yodzaza, muyese mabuleki potsetsereka pang'ono komanso kubwerera m'mbuyo. Thirakitala yopepuka imakankhidwa ndi ngolo yolemera, ndipo ngozi zambiri zimayambira pamenepo. Mukatha zonse suzumirani pansi ngati pali oyilo wodontha, ndipo onani muyezo wa kutentha kwa injini.

Mawerengero omwe amasankha m'malo mwanu

Thirakitala imadya ndalama ngakhale itaima pansi pa mtengo. Tiyeni titenge nambala yosavuta kuwerengera, inu mudzaikepo mtengo weniweni womwe mwauzidwa. Tinene kuti thirakitala ndi zipangizo zake zakwana K100 miliyoni ndipo mukuyembekeza kuti igwira ntchito zaka khumi. Chaka chilichonse ikutha mtengo ndi K10 miliyoni. Ngati ndalamazo n'zangongole ya 30 peresenti, chiwongoladzanja chake, mukachigawa mofanana pa zaka zonsezo, chili pafupifupi K15 miliyoni pachaka. Pamodzi ndi K25 miliyoni pachaka, musanagule dizilo ngakhale lita imodzi, musanalipire woyendetsa, musanasinthe tayala.

Tsopano gawani ndalamazi ndi maola omwe thirakitala igwire ntchito pachaka. Ikagwira maola 200, ola lililonse likukudyerani K125,000. Ikagwira maola 800, ola lililonse ndi K31,250. Pa kugalauza kwa maola atatu ndi theka, ndiye kuti hekitala ikudya K437,500 kwa woyambayo ndi pafupifupi K109,000 kwa wachiwiriyo. Thirakitala ndi yomweyo, munda ndi womwewo, chasiyana ndi maola basi.

Nanga munda wanu ungapereke maola angati? Kugalauza, kuphwanya zibuma ndi halo ndi kuunga mizere zimatenga pafupifupi maola asanu ndi awiri pa hekitala. Pa mahekitala khumi ndi maola 70. Onjezerani kututa manyowa, mitengo ya zigafa, nkhuni za mabalani a fodya wa kampopi, madzi a ku nazale ndi ookerera, fodya wochokera kumunda, chimanga ndi mabelo. Mwina mufika maola 200. Apa zikuonekeratu kuti mlimi wa mahekitala khumi sangabweze ndalama za thirakitala ndi munda wake wokha. Ayenera kulimira ena molipiritsa, kapena kugula pagulu, kapena kungobwereka kwa amene ali nayo. Yerekezani nambala yanu ya pa hekitala ndi mtengo womwe olimitsa a m'dera lanu kapena ofesi ya zaulimi akulipiritsa chaka chino. Ngati kubwereka kukutchipa ndipo thirakitala yobwerekayo imabwera pa nthawi yake, palibe manyazi kusagula.

Kulimira ena ndi bizinesi yakeyake, ndipo apa m'pamene thirakitala yaing'ono imagonja. Aliyense amafuna kulimiridwa m'masabata omwewo mvula isanagwe. Yomaliza mahekitala awiri kapena atatu patsiku imapeza makasitomala ambiri kuposa yomaliza imodzi ndi theka. Njira yotalikitsira nyengo ya ntchito ndi kulimbikitsa anansi kugalauza msanga, mu Malichi mpaka Meyi, nthaka ikadali ndi chinyezi. Alangizi a fodya akhala akunena zimenezi kuyambira kale: zinyalala zimaola bwino, dizilo amalowa wochepa, ndipo madisiki satha msanga.

Masipeya, makaniko ndi dizilo

Kuchokera pa boma la Kasungu kufika ku Lilongwe pali makilomita pafupifupi 130, ndipo ngati muli ku Chulu, ku Kaluluma kapena ku Nkhamenya mtundawo ndi wotalikirapo. Musanagule, lembani mndandanda wa zinthu khumi zomwe zimatha kawirikawiri: sefa ya oyilo, ya dizilo ndi ya mpweya, lamba wa fani, pampu ya madzi, mbale ya kilatchi, mabeling'i a matayala akutsogolo, zotsekera oyilo za hayidiroliki, sitata ndi tayala lakumbuyo. Pitani nawo kwa wogulitsa, muwapemphe akuonetseni zinthuzo pashelefu ndi mitengo yake. Mawu akuti tikhoza kuitanitsa, pa nthawi ino yosowa ndalama zakunja, angatanthauze miyezi. Pitaninso ku mashopu ena a masipeya muone ngati zomwezo zikupezekanso kumeneko. Thirakitala yomwe masipeya ake ali kwa munthu mmodzi yekha imakumangani manja.

Funsani amakaniko a pa Kasungu kuti amadziwa kukonza ziti. Funsani alimi atatu omwe akhala ndi mtundu umenewo kwa zaka zosachepera zitatu, osati omwe wogulitsa wakusankhirani okha. Safunsa anadya phula. Pa chitsimikizo cha kampani, funsani kuti n'cha zaka zingati kapena maola angati, ndani amalipira ulendo wa makaniko wobwera kumunda, ndipo chimafa mukachita chiyani. Zonse zilembedwe.

Samalaninso za mtundu wa injini. Mathirakitala ena atsopano ali ndi injini zoyendetsedwa ndi kompyuta, zopopa dizilo mwamphamvu kwambiri. Zimasunga mafuta, koma sizipirira fumbi kapena madzi mu dizilo, ndipo zikavuta zimafuna makina apadera ozipimira. Mafuta akasowa, alimi ambiri amakakamizika kugula dizilo wa m'zigubu, yemwe nthawi zina amakhala wosakanizidwa. Kwa mlimi wakutali ndi tauni, injini ya pampu wamba yokhala ndi kabotolo kolekanitsa madzi ndi dizilo ndiyo yosadetsa nkhawa. Gulani dizilo wa nyengo yolima msanga, musunge mu mgolo woyera wotsekedwa bwino pamthunzi, ndipo muzisefa pothira.

Ndiye musankhe iti?

Ngati mukulima mahekitala osapitirira asanu, bwerekani thirakitala yogalauzira, ndipo ndalama zanu zipite ku mbewu, feteleza, ng'ombe zapangolo kapena thirakitala ya matayala awiri ngati muli ndi dimba ndi ntchito yotongola.

Ngati muli ndi mahekitala asanu mpaka makumi awiri, kapena ndinu kalabu yomwe minda yake ikaphatikizidwa ikufika pamenepo ndi kupitirira, thirakitala yapakati ya hosipawa 45 mpaka 60, ya injini yosavuta, ndiyo imayenera nthaka ndi mizere ya kuno, bola mukhale ndi ndondomeko yolimira ena. Yokoka ndi matayala anayi ilipireni pokhapokha ngati kuyesa kwa m'munda kwaonetsa kuti ya matayala awiri ikuterereka kwambiri, kapena ngati mumatuta katundu m'misewu yoipa nthawi ya dzinja.

Thirakitala yaing'ono ya hosipawa 20 mpaka 35 ili ndi malo ake: ulimi wa ndiwo zamasamba, minda ya zipatso, kututa madzi ndi kupopera mankhwala pa esiteti yomwe ili kale ndi thirakitala yaikulu. Koma ngati ndiyo idzakhale thirakitala yokhayo pakhomo, yogalauza munda wa fodya mu Okutobala, iyeseni kawiri musanakhulupirire.

Musathere ndalama zonse pa thirakitala yokha. Popanda pulawo, halo, choungira mizere ndi ngolo, mwangogula galimoto yoyenda pang'onopang'ono. Ganiziraninso zogula chipangizo chong'amba nthaka. Kugalauza ndi madisiki chaka ndi chaka pa nthaka yamchenga kumaipitsa nthaka ndi kuigogomeza pansi. Chong'amba chimaswa nthaka yolimba ija, chimadya dizilo wochepa, ndipo chimagwirizana ndi ulimi wa mleranthaka pa minda ya chimanga ndi soya yomwe mukusinthanitsa ndi fodya.

Mukagula

Sankhani thirakitala yokhala ndi chitsulo choteteza woyendetsa ikagubuduka, komanso lamba wa pampando. Musalole ana kapena wina aliyense kukwera pamwamba pa matayala kapena pa chitsulo chokokera. Shafiti ya PTO ikhale yovindikira nthawi zonse, chifukwa imakola chitenje kapena malaya m'kamphindi. Ngati iziyenda mu msewu wa M1 kapena misewu ina ya boma, ilembetseni, ikhale ndi inshuwalansi, ndipo ngolo ikhale ndi zowala kumbuyo.

Woyendetsa akhale mmodzi wophunzitsidwa bwino. Aziona oyilo, madzi ndi sefa ya mpweya m'mawa uliwonse, makamaka nyengo yafumbi, ndipo azitsatira maola osinthira oyilo monga momwe buku la thirakitalayo likunenera. Mukamachoka munda wina kupita wina, tsukani dothi pa pulawo ndi matayala kuti musafalitse manematodi, matenda ofotetsa fodya ndi njere za kaufiti.

Ngati ndinu gulu, lembani malamulo thirakitala isanafike: mndandanda wa minda molingana ndi tsiku lomwe munthu walipira, mtengo umodzi kwa wapampando ndi membala wamba, kope la maola ndi dizilo lomwe aliyense angalione, ndi akaunti yapadera ya ndalama zokonzetsera yomwe siikhudzidwa pa maliro kapena pa msonkhano. Mutu umodzi susenza denga, komanso denga la anthu ambiri limagwa ngati aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye wagwira.

Musanapite kukaona thirakitala ina iliyonse, yezani minda yanu, werengani maola omwe mungaipatse pachaka, ndipo kambiranani ndi mlangizi wa zaulimi wa dera lanu. Pa tsiku loyesa tengani tepi, choko, botolo ndi kope. Zomwe mudzalembe m'kopemo ndizo zidzakuuzeni thirakitala yoyenera munda wanu.